Nkhope ya Pansi pa Njereza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mwano. Ndinali pamzere wa sopo pa sitolo ya koperativa ku Chiuaula, dera lathu la mu Lichinga, kuyambira m'mawa nkhungu isanachoke, ndipo mzere sunali kusuntha. Ndinatola khala pansi n'kuyamba kujambula pakhoma mutu wa wogulitsa uja, mphuno yake yonga mbatatesi ya ku Lione ndi kapensulo kake ka pakhutu. Anthu a pamzere anaseka mpaka wa milisiya anabwera kudzaona chimene chikusekedwa. Anandigwira pakhosi pa malaya n'kundifunsa chikalata cha ntchito. Ndinalibe. Masiku amenewo munthu wopanda chikalata cha ntchito ankakwezedwa lole n'kupita naye kukampu, kutchire, kukaphunzitsidwa kulima ngati kuti kwawo kunalibe khasu. Ine ndinali ndi zaka vinti, makumi awiri, ndipo mkazi wanga Luwiza anali atangoima kumene.

Pamzere pomwepo panali bambo ena aafupi, a kofiya yoyera, m'zikhadabo muli utoto wobiriwira. Anauza wa milisiyayo mosathamanga kuti mnyamatayu ndi wawo, amawathandiza pa khoma la chikumbutso, chikalata chatsalira ku ofesi. Linali bodza lamkunkhuniza. Sankandidziwa ndi dzina lomwe. Wa milisiya atachoka, bambowo anayang'ana chojambula changa n'kunena kuti mphuno ndaikhoza, koma khutu ndaliika pamene Mulungu sanaliikepo. Amenewo anali Che Amisi, mmisiri wolemba zikwangwani, ndipo mawa lake ndinali nawo pansanja.

Khomalo linali la alimazeni yakale, nyumba yaitali imene Apwitikizi ankasungiramo thonje. Komisau, komiti ya boma ya za chikhalidwe, inkafuna kuti mbiri yonse ya dziko ikwane pamenepo. Kumanzere kukhale mavuto a nthawi ya atsamunda, pakati nkhondo yomenyera ufulu, kumanja tsogolo, la ana onenepa ndi thirakitala yofiira. Thirakitala imeneyo titaimaliza inali yokhayo m'Chiuaula monse, ndipo anthu ankabwera kudzafunsa ngati ingabwerekedwe. Nkhondo ina inali itayamba kale kutchire, misewu yotuluka mu Lichinga inali yoyenda ndi asilikali, sopo kulibe, mchere wochita kufuna ndi nyali, koma khoma lokha linayenera kukongola.

Kwa amene sanagwirepo ntchitoyi, khoma sulifikira ndi burashi. Umayamba ndi sipatula, kachitsulo kaphanthiphanthi, kupala zonse zofundukafunduka mpaka dzanja litatupa. Ukatero umatsuka, n'kumata ming'alu, n'kudikira kuti liume. Kenako mumatenga chingwe n'kuchipaka makala osinja, wina agwira uku wina uko, n'kuchikoka pakati ngati uta n'kuchisiya kuti chimenye khoma. Chimasiya mzere wakuda wowongoka. Mizere yoimirira ndi yopingasa imapanga timabokosi, ndipo chojambula cha papepala, chimenenso chili ndi timabokosi take, umachisamutsa kabokosi ndi kabokosi, ndi khala poyamba, tinta, utoto weniweniwo, pambuyo. M'nyengo yozizira ya ku Lichinga tinta ya mafuta imadzuka italimba ngati phala la dzulo, ndiye zitini tinkayamba taziyanika padzuwa. Maburashi tinkatsuka ndi parafini tikamaweruka, ndipo akatha ubweya Che Amisi ankameta mbuzi ya mnansi wawo n'kumanga ena.

Sanali munthu wolankhulalankhula. Anali atalembera Apwitikizi zikwangwani za masitolo zaka zambiri, ndipo ufulu utabwera maina omwewo anawafafaniza ndi iwo omwe. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ndinalimva mpaka linandikola m'makutu: khoma siliiwala. Ukafuna kuchotsa chinthu, pala mpaka uone pulasitala, chifukwa zopaka pamwamba n'zonamiza mwini ntchito basi. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangondipatsa sipatula.

Masana tinkadya mbatata yootcha kuseri kwa khoma, iwo atayamba aswali pa katoni yawo. Kumeneko ndi kumene anandiphunzitsa kuyeza nkhope ndi chala, kuti maso ali pakati pa mutu osati pamwamba pamene aliyense amawaika, ndi kuti khutu limayambira pa nsidze n'kuthera pa mphuno. Ankanditchula kuti mwanangu, m'Chiyao chawo. Luwiza atayamba kutupa miyendo anandipatsa theka la shuga wawo m'kapepala, n'kundiletsa kuthokoza.

Tsono panali Kamarada Tome, sekeretariyo wa komisau. Munthu ameneyu mukanamupatsa khala sakanajambula ngakhale dzira. Ankabwera kawiri pa sabata ndi pasita, chikwama chachikopa cha mapepala, m'khwapa, n'kuima chapatali, mutu atapendeketsa, diso limodzi atatsinzina, monga anaonera penapake kuti odziwa zojambula amatero. M'pasitamo tsiku lina ndinaonamo nthochi ziwiri ndi chipeso. Chiuaula yense ankadziwa kuti nthawi ya atsamunda Tome anali kalaliki wa sikelo mu alimazeni yomweyi, ndipo amayi a ku Lione amene ankasenza thonje kudzagulitsa ankadziwa bwino pamene chala chake chinkagwira. Koma anali atakwatira mlongo wa munthu wamkulu, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chikalata changa cha ntchito Che Amisi anandipemphera kwa iyeyu, ndipo nthawi zonse yankho linali lakuti mawa.

Ameneyu ndiye ankatiphunzitsa mbiri. Tinajambula sipayi, wapolisi wakuda wa atsamunda, akumenya mlimi m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lobowolabowola lija, Tome n'kuti ayi, nkhope yakuda yogwira mbalamatodya isokoneza anthu, womenyayo akhale mzungu. Che Amisi anatambasula dzanja n'kumuonetsa zala ziwiri zopindika, n'kumuuza kuti amene anazithyola anali wa ku Lione konkuno ndipo ankalankhula Chiyao chabwino kuposa chawo. Tome anati imeneyo ndi nkhani ya munthu mmodzi, mbiri ya dziko ndi ina. Mapeto ake sipayi tinamutembenuza kuti aoneke msana wokha. Sabata inayo anati amayi osenza zipolopolo awonda kwambiri, alendo adzaganiza kuti kunkhondo kunali njala. Tinawanenepetsa. Atanenepa anati akuoneka ngati akazi a eni masitolo. Kusintha kulikonse kunali kupala, kumata, kudikira, tinta ikutha. Ntchito yoti ithe mvula isanagwe tinalowa nayo m'dzinja.

Anthu odutsa nawonso anali ndi mbiri zawo. Bambo wina wa mwendo umodzi ankaima tsiku ndi tsiku kutitsutsa kuti mfuti tachulutsa, iwo kutchire ambiri ankangonyamula chinangwa. Mayi wina anafunsa kuti mudzi wake umene unatenthedwa uli pati, ndipo nditamufunsa kuti anautentha ndani anangotembenuka n'kumapita. Panalinso amuna amene anavalapo yunifolomu ya Apwitikizi mokakamizidwa. Amenewo ankadutsa mofulumira, maso ali kumsewu. Tsiku lina ndinafunsa Che Amisi kuti pa zonsezi zoona ndi ziti. Anati khoma ndi lalifupi, ndipatse chitini chobiriwiracho.

Pakati pa khoma pankafunika nkhope ya mwana wa kwathu kuno, ndipo Tome yemweyo ndiye anasankha Alifa. Alifa anali mnyamata wa ku Chiuaula amene anathawira ku nkhondo ya ufulu n'kumatsogolera osenza zida m'mapiri, ndipo ufulu utabwera anatumizidwa kukagwira ntchito kummwera. Tome ankadziguguda pachifuwa kuti iye ndi Alifa anadyera mbale imodzi. Mbale yake iti, palibe anafunsa. Mayi ake a Alifa, Abiti Saidi, ankagulitsa mtedza wokazinga pafupi ndi khomalo, ndipo makalata a mwana wawo anali atasiya kubwera chaka chathunthu. Anamasula mfundo ya pakona ya kapulana, chitenje chawo, n'kutulutsa kachithunzi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhako kamene anali nako, n'kukapereka kwa Che Amisi ndi manja awiri.

Nkhope imeneyo Che Amisi sanandilole kuikhudza. Anaijambula okha masiku asanu ndi limodzi, ndi zitini zomaliza za tinta yabwino zimene ankabisa kunyumba. Abiti Saidi anasuntha lichero lawo n'kukhala pansi pa nsanja penipeni, akumawongolera: mlomo wam'munsi ndi wolemera kuposa pamenepo, maso asayang'ane pansi, mwana wanga sankayang'ana pansi. Anawauzanso za chipsera cha pa nsidze ya kumanzere, cha pamene anagwa mumtengo wa mapichesi ali mwana, chimene pachithunzi sichinkaoneka. Che Amisi atachiika, mayiwo anatigawira mtedza waulere. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ankayamba apatsa khoma moni m'Chiyao asanayale malonda.

Kutatsala masiku atatu kuti mlendo wamkulu wochokera ku likulu adzatsegule khomalo, Tome anafika panjinga thukuta lili kamukamu. Anati mawu abwera kuchokera kumwamba: Alifa ndi wogulitsa dziko. Ena ankati walowa kwa a kutchire a nkhondo yatsopano ija, ena ankati anangoyankha wamkulu wina pamsonkhano. Mpaka lero sindidziwa, ndipo Tome nayenso sankadziwa. Koma mnzake wa mbale imodzi uja anatiuza, osaphethira, kuti iye ankamukayikira kuyambira kale, maso ake aja sanali abwino. Analamula kuti nkhope ichoke dzuwa lisanalowe, ndipo analanda kachithunzi kaja n'kukaponya m'pasita, ati ndi umboni.

Che Amisi anamufotokozera pang'onopang'ono, mmene umafotokozera mwana. Kupala tinta ya mafuta yomwe yauma kale, kumata, kudikira ndi kujambulapo china kukufuna masiku khumi, ndipo tinta mu Lichinga monse mulibe. Tome anayang'ana uku ndi uku n'kuona migolo ya njereza imene inabwera yoti tipake miyala ndi matsinde a mitengo ya m'mbali mwa msewu, poti kwathu kuno mlendo wamkulu sangadutse pamtengo wosavala sokosi zoyera. Nkhope yake inawala. Anati tipake njereza, pakhale mtambo woyera, mtambo wa mtendere, ndipo mawu amenewo anawakonda kwambiri moti anawalemba m'kabuku.

"Kamarada Sekeretariyo," anatero Che Amisi, "njereza ikanyowa imaonetsa za pansi. Mvula ikagwa, Alifa abwera."

"Mvula sigwa. Pakani."

Tinalipo atatu okha, Abiti Saidi ali chapatali ndi malonda awo, ndipo ine ndinaima pafupi moti ndinkamva fungo la mafuta a m'tsitsi la Tome. Ndinamva liwu lililonse.

Che Amisi anati dzanja lawawa, n'kukakhala pamwala. Burashi yaikulu ndinaigwira ndine. Njereza sigwira bwino pa tinta ya mafuta, choncho ndinasakanizamo kamchere ndi phala la chinangwa kuti imate, n'kupaka katatu, kudikira kuti iume pakati. Ndinayambira kuchibwano kukwera m'mwamba, maso ndinamalizira. Abiti Saidi anaonerera mpaka masowo atatsekeka. Sanalire, sanatukwane. Anasenza lichero lawo dzuwa likadali pamutu n'kumapita. Kunachita ng'amba masiku atatu onsewo, mtambo wathu unauma mbee, ndipo Tome ankauza aliyense kuti ndi nzeru zake.

Tsiku lenilenilo ana a sukulu anawaimika pamzere kuyambira m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, atagwira timbendera ta mapepala. Magulu a magule anavina mpaka ng'oma zinafooka, n'kuziwamba, n'kuvinanso. Khoma tinaliphimba ndi masaka osokedwa pamodzi. Mlendo anafika dzuwa litapendeka, ndipo Tome anayamba kulankhula. Analankhula za thonje, iye amene, za misozi ya alimi ndi sikelo zonyenga za atsamunda, amayi a ku Lione ali pomwepo akumuyang'ana. Ine sindinkamvera. Ndinkayang'ana kumadzulo, kumene kunali kutada bii, ndipo Che Amisi ankayang'ana nsapato zawo.

Madontho oyamba anagwa mlendo akukoka chingwe. Masaka anagwa pansi, anthu anaomba m'manja monga anawauzira a milisiya, ndipo mlendo anayamba kuyenda kuchokera kumanzere, wina atamugwirira ambulera, Tome akulozaloza. Mphepo inatembenuka n'kuyamba kuwaza mvula pakhoma penipeni. Pamene ankafika pakati, mtambo wa mtendere unali utayamba kutuwa. Anayamba kutuluka ndi maso. Kenaka chipsera chija, kenaka mlomo wolemera, mpaka Alifa yense anaima pamenepo akuyang'ana mlendo, ngati munthu wosuzumira kuseri kwa nsalu yonyowa. Dzina lake linayenda m'khamu monong'ona. Ndiye kumbuyo kwenikweni kunamveka nthungululu imodzi yaitali, ndipo aliyense anadziwa mwini wake.

Mlendo anafunsa kuti ameneyu ndani. Wina anamunong'oneza. Ndinayang'ana Tome, ndipo ndivomere, mtima wanga unasekera. Ndinati lero khoswe wagwa pamkhate. Ndinali chitsiru. Anthu a mtundu wa Tome sadziwa kujambula, khasu saligwira, mfuti amaiona pazithunzi, koma pakafunika wosenza mlandu wawo sachedwa kumupeza. Anatambasula dzanja, chala chomwe chija cha pasikelo, n'kuloza Che Amisi. Liwu linali limodzi lokha, la Chipwitikizi, limene masiku amenewo linkameza munthu wathunthu: sabotaji, kuwononga dala ntchito ya boma.

Anatitengera ku ofesi ya bairo, ya dera lathu, tili chinyowere. Wofunsa anali msilikali wa nyota ziwiri wobwera ndi mlendo, munthu wotopa amene ankaoneka kuti akungofuna nkhaniyi ithe akadye. Tome anati iye analamula kuti nkhope ipalidwe, koma mmisiri anamunamiza dala n'kupaka njereza kuti achititse chipani manyazi pamaso pa anthu. Che Amisi anayankha mosakweza mawu kuti iwo anachenjeza, n'kubwereza mawu awo aja mmene anawanenera. Tome anaseka, ati nkhalambayi ikulota. Panja lole inali italiza kale injini, itanyamula anthu ena amene anagwidwa sabata imeneyo, ndipo pawindo ndinkaona mitu yawo ikunyowa.

Msilikali anatembenukira kwa ine. "Iwe unalipo. Mmisiriyu anachenjeza kapena ayi?"

Ndisanatsegule pakamwa, Tome anandifunsa mokoma, ngati malume, kuti kodi Luwiza masiku ake ayandikira eti, ndipo kodi chikalata changa chija chinatuluka. Ankadziwa bwino kuti sichinatuluke. Miyezi yonseyo chinali patebulo pake, kudikira chidindo.

"Sindinamve," ndinatero. "Ine ndinali kusakaniza njereza."

Musandifunse kuti ndinaganiza chiyani. Ndinaganiza lole, ndinaganiza mimba ya Luwiza, basi. Che Amisi sanandiyang'ane n'komwe, ndipo bola akanandilavulira. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa timaburashi titatu ta ubweya wa mbuzi, timene m'mawa umenewo tinakonzera tayala la thirakitala. Anatiika patebulo, mbali yanga.

"Utitsuke tisanaume," anatero.

Anakwera lole okha, osathandizidwa, atagwira kofiya kuti isauluke. Iwo anandipulumutsa ku lole imeneyo ndi bodza, ine ndinawakweza ndi bodza. Mawa lake chikalata changa chinatuluka, chidindo chili psuu, ndipo pa malo a ntchito analembapo kuti mmisiri wa khoma.

Ntchito yanga yoyamba monga mmisiri inali yoti ndikapale Alifa mpaka pa pulasitala. Ndinapita ndi sipatula, ndinakwera nsanja, ndipo ndinapeza khoma litauma, mtambo uli mbee ngati palibe chinachitika. Dzanja linakana. Sindikunena kuti ndinalimba mtima, kulimba mtima ndinali nditakusiya mu ofesi muja. Kungoti nkhope imeneyo inali ntchito yomaliza ya Che Amisi, ndipo sindikanatha kuwapala kawiri. Ndinakanda pang'ono m'mbali kuti fumbi ligwe pansi anthu aone, kenaka ndinapempha malata akale a alimazeni n'kukhoma kakhonde pamwamba pa khoma lonse, ati kuteteza luso la anthu ku mvula. Tome anavomera msanga osabwera kudzaona. Pakhoma limenelo sanapondeponso, ankazungulira njira ya kumsika.

Abiti Saidi ndinawauza kuti nkhope sindinaipale patapita mwezi, ndikugula mtedza, maso ali pansi. Sanandigawirenso mtedza waulere mpaka imfa yawo. Koma masana ena, anthu ali kuminda, ndinawaona akubwera ndi chitini cha madzi pamutu ngati akuchokera kuchitsime. Anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwaza madziwo pamtambo. Mwana wawo anatuluka. Anamuuza za kumudzi mpaka dzuwa linamubwezera m'kati, n'kutola chitini chawo. Anachita zimenezo zaka zonse za nkhondo, ndipo Chiuaula yense, a milisiya omwe, anaphunzira kuyang'ana kumbali.

Che Amisi sanabwerere. Wina wochokera kukampu anati anamwalira ndi matenda a m'mimba chaka choyamba, wina anati anawaona akulemba manambala pazitseko za nyumba za asilikali. Akazi awo anabwera kamodzi kwathu kudzafunsa zimene zinanenedwa mu ofesi muja. Ndinatuma Luwiza kuti akanene kuti ndachoka, ine nditakhala kuseri kwa chitseko ndi khanda m'manja. Khanda limenelo lero ndi mphunzitsi, ndipo nkhaniyi aiwerenga pano koyamba.

Nkhondo itatha ndinatsegula kashopu kanga ku Lulimile, kolemba zikwangwani za mabara ndi manambala a galimoto. Tsiku lina panaima galimoto yoyera, n'kutsikamo Tome, atanenepa, tayi pakhosi. Ukamarada anali atauvula, tsopano anali Sinyoro Tome wa bungwe lina loyanjanitsa anthu. Anandikumbatira. Anati nthawi zasintha, zapezeka kuti Alifa anangomunamizira, anafa wosalakwa, ndipo iye monga mnzake wa mbale imodzi sakupeza tulo mpaka nkhope yake ibwerere pakhoma. Vuto linali lakuti mayi ake anamwalira ndipo chithunzi palibe amene ali nacho. Za kachithunzi ka m'pasita sanatchule. Ankafuna kudziwa ngati ine nkhopeyo ndingaikumbukire.

Ndinamuuza kuti tikwere galimoto yakeyo. Alimazeni inali itasanduka mosungira nyemba, thirakitala itasuluka, sipayi akadali chitembenukire. Ndinabwereka ndowa kwa mayi wina wa pafupi n'kukhuthulira madzi pamtambo. Alifa anatuluka, atatumbuluka pang'ono, koma chipsera chili pomwepo. Tome anabwerera m'mbuyo mpaka anaponda m'matope. Kenaka, abale inu, anayamba kuomba m'manja. Anati mwaona, tinamusunga, tinkadziwa kuti tsiku lidzafika.

"Uyu mwamuona," ndinatero. "Nanga Che Amisi tiwathire madzi pakhoma liti?"

Anakwinya pamphumi, ndipo sanali kunamizira. "Amisi uti?"

Pamenepo ndi pamene ndinanena. Ndinati anakuchenjezani, ndinalipo, ndinamva liwu lililonse, anati mvula ikagwa Alifa abwera, inu munati pakani. Ndinanena mokweza, ndowa ili m'manja, anthu a m'bairo atatizungulira. Tome anayang'ana wotchi n'kundisisita paphewa, ati zakale zisiyeni mmisiri, dziko likupita patsogolo. Umboni wanga unali woona ndithu, wosasowa liwu limodzi, koma woti umupulumutse panalibe. Khoma linali litayamba kale kuuma.

Ntchitoyo ndinaikana. Anaitanitsa wina wochokera kutali, amene anajambula Alifa wina pakhoma lina, wopanda chipsera, wofanana pang'ono ndi Tome.

Timaburashi titatu tija ndinatitsuka tsiku lomwelo, ndipo tili m'chitini pa shelefu, sindigwiritsa ntchito. Amene amabwera kudzaphunzira kwa ine ndimawaonetsa chingwe cha makala ndi timabokosi, n'kuwauza kuti njereza si yobisira kanthu. Zimenezo amazigwira msanga. Chinacho ndimawauza kamodzi kokha, tsiku limene ndikuwapatsa sipatula yawoyawo, ndipo ambiri amandiyang'ana ngati ndayamba kukalamba: ukadzafunsidwa ngati unamva, udzayankhe lole isananyamuke.